Alamu Anga Aponya Jekete ku Chanyanya

Tinanyamuka ku Nangongwe kusanache bwino, mwezi wa Juni, mphepo ikuluma makutu. Ine ndinasenza beseni langa la nsomba, m'kati muli masaka ndi chitenge changa chofiira. Alamu anga a Tembo, amuna a akulu anga a Agi, anatulukira pampanda atavala jekete lakuda la kutchalitchi, malaya oyera ositidwa bwino, ndi mabuti a kufakitale opolishidwa mpaka kunyezimira. Beseni linatsala pang'ono kundigwa pamutu.

"Ba mulamu, tiyenda kugula nsomba ku Chanyanya, osati ku khoti," ndinatero.

"Munthu akayenda ku nchito afunika kuoneka bwino," anayankha osandiyang'ana.

Ndinawasiya, chifukwa mawu amenewo okha anaposa onse amene anayankhula sabata yonseyo.

Zinali zaka zija boma litayamba kugulitsa makampani, salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, itadzaza m'misika, mafakitale a ku Kafue akuchotsa anthu mwezi ndi mwezi. A Tembo anayamba kuyendetsa makina m'fakitale ina ine ndikadali pasukulu. Anali munthu wa phwete lomveka mpaka kwa aneba. Atawachotsa ntchito, phwete lija linazima. Ankangokhala kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala, manja ali pamawondo. Nshima ikabwera ankangotemako pang'ono n'kukankhira mbale kwa ana, ati iwo sanaigwirire ntchito. Tsiku lina akulu anga anabwera kwathu misozi ili chuchuchu.

"Esnati, bamuna banga bazafa bali maso. Batengeko olo kamozi chabe, baone kunja."

Tinapangana bodza loti msana wanga ukuwawa ndipo ndikufuna wondinyamulira katundu. Alamu anavomera. Koma kenako anauza akazi awo kuti atengako tindalama totsala ta kuntchito kuja, nawonso akayese kugula nsomba zogulitsa. Apo ndiye ndinachita mantha. Doko la Chanyanya ndinkalidziwa, si malo a munthu waulemu. Ndinkadziwanso kuti bambo ameneyu akabwerako chimanjamanja, ana ake akuona, sadzatulukanso kuseri kwa nyumba kuja.

Pamsewu tinapeza maminibasi akulimbirana anthu. Kale tinkadikira basi ya boma mpaka miyendo kutupa, koma masiku amenewo mabasi ndiwo ankatidikira ife, makondakitala akukoka munthu malaya uku ndi uku. Wina ataona jekete la alamu anathamanga kukatsegula chitseko chakutsogolo.

"Ba manija, nkhalani kufulonti! Imwe ba nsomba, kumbuyo, na dishi yanu pamendo."

Ine mwini ulendo ndinakapanikizidwa pakona, a manija ali phee pafupi ndi dalaivala. Tinalipira makwacha mazana awiri aliyense. Kondakitala anafuna kuti beseni lilipirenso ngati munthu, ndinamuuza kuti ngati lili munthu alipatse mpando wake. Nkhani inathera pomwepo.

Tinatsika m'tauni ya Kafue kum'mawa kutayamba kufiira. Mavaneti a ku Chanyanya ankaima kuseri kwa msika, pafupi ndi mayi wina wogulitsa tiyi pambaula. Ndinagula makapu awiri ndi zitumbuwa zotentha. Alamu anakana chitumbuwa, ati anadya kunyumba, chonsecho ndinkadziwa kuti kunyumbako moto unali usanayake. Ndinachikulunga m'pepala n'kuchisunga. Vaneti inali pini imodzi munthu mmodzi, ndiye kuti makwacha chikwi. Sabata yapitayo sinali choncho, koma nthawi imeneyo mitengo inkakwera iwe uli m'galimoto momwemo. Tinakwera kumbuyo, amayi a mabeseni, abambo angapo, matumba a mchere ndi chigubu cha palafini. Amuna anatsikanso kukakankha kuti injini ilire, ndipo alamu anakankha nawo atavala jekete lawo.

Msewu wake umadutsa kumafakitale, ndipo zimenezi ndinali ndisanaziganizire. Tinayamba kuona mipanda yaitali, machumuni ena akufuka pang'ono, ena ali zii, udzu utamera pamene kale pankaima njinga za antchito. Fungo la kufakitale ya feteleza linatilandira monga mwa nthawi zonse. Tikuyandikira geti limene alamu ankalowera, ndinaona khosi lawo likuuma, maso ali pamabuti.

Mayi wina wosamudziwa, amene anakhala moyang'anizana nawo, anangomasula mwana kumsana n'kuwaika pamiyendo.

"Batate, nigwilileniko uyu nimange bwino chitenge."

Mwanayo anagwira kolala yoyera ija ndi timanja ta phala, alamu n'kuyamba kulimbana naye. Chitenge chija chinamangidwa, kumasulidwa, kumangidwanso, mpaka mpanda wa fakitale unathera kumbuyo kwathu. Pamenepo mayiyo anati zikomo n'kutenga mwana wake.

Phula litatha, anaimirira mbale wina wa tchalitchi cha m'tenti, suti yonyezimira, Baibulo m'khwapa, dzanja lina atagwira chitsulo cha vaneti. Ankapita kukalalikira asodzi. Inenso ndine wa mapemphero otentha, choncho ndinatseka maso ndi mtima wonse. Anapemphera bwino ndithu, mpaka pamene anakweza mawu.

"Aleluya! Mzimu waniuza kuti muno muli munthu wamene bamuchosa nchito!"

Ndinatsegula diso limodzi. Chala chake chinali chitaloza komwe kunali alamu. Ndikanakhala naye pafupi ndikanamutsina. Koma mdala wina wovala chikhoti chankhondo chakale, amene anakhala pathumba la mchere, anayankha mosakweza mawu.

"Ba pasita, motoka yonse ino ni ya bochosedwa nchito, na ba dilaiva bamene. Mzimu ukuuzeniko vinangu."

Anthu anaphulika. Mdalayo anakweza dzanja, mayi wa mwana uja anakwezera amuna ake, wina anakweza manja onse awiri ati iye anachotsedwa kawiri. Mbusa uja anayang'ana uku ndi uku, kenako nayenso anakweza Baibulo lake, ati anali wa kusitolo ya fakitale. Alamu sanaseke, koma dzanja lawo linakwera mpaka paphewa. Pemphero linatha ndi ameni wamphamvu kuposa wa kutchalitchi.

Kuchoka apo ndi msewu wa fumbi, wa mabampu ogwedeza mano. Mapiri a Kafue anatsalira kumbuyo, dziko n'kuyamba kutambasuka, minda ya chimanga yokololedwa kale, ng'ombe zikuwoloka msewu mosapupuluma. Tinkakumana ndi anthu a njinga akubwerera kale, madengu a nsomba ali kumbuyo atawaphimba ndi udzu wonyowa. Ndinaona kuti nthawi yophunzitsa yakwana.

Ndinawafotokozera alamu mwambo wa padoko, pamene timati pa haba. Bwato likamayandikira, ogula sadikira kuti lifike pamtunda. Amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, aliyense chitenge chake atachikulunga m'manja, n'kuponya. Amene nsalu yake yayamba kugwera pansomba, bwato lonse ndi lake kukambirana mtengo, ndipo msodzi sangagulitse kwa wina mpaka awiriwo atalephera kumvana. Kubwereka kulibe, chifukwa chitenge chilichonse chimadziwika mwini wake. Ukaponya cha mnzako, wamugulira iyeyo.

Alamu anangogwedeza mutu, ine ndinapitiriza. Bizinesi imeneyi ndinali ndisanathe nayo chaka, ndipo ndinkapita kamodzi pasabata, koma ndinali ndi mbiri yanga imene ndinkaikonda.

"Ine siku yanga yoyamba, ba mulamu, ninabapambana bonse. Bakazi bamene bakulila pa haba paja, ine kuponya kamozi chabe, pha! pa nsomba. Ni mphaso. Si bonse bali nayo."

"Mwachita bwino, mulamu," anatero.

Nkhani imeneyi ndinali nditaifotokoza ku Nangongwe konse, kutchalitchi ndinaiperekerapo umboni.

Panjira tinaima pamudzi wina kutsitsa palafini. Amayi a pamenepo anabwera ndi kandolo wophika, mbatata zija zotsekemera ngati zathiridwa shuga, ndi chibwantu m'zigubu, chakumwa cha chimanga chimene Atonga amachidziwa kuphika. Mdala wa chikhoti uja anagula mbatata yaikulu, anainyema pakati n'kupatsira alamu theka osawafunsa, maso ali kwina, akupitiriza nkhani ya mpira ndi dalaivala. Imeneyo alamu anadya.

Tinafika ku Chanyanya dzuwa litakwera pang'ono. Doko lake umayamba kulimva ndi mphuno. Kenako umaona tinyumba ta udzu, utsi wa owamba nsomba, njinga zotsamira paliponse, maukonde atayanikidwa, ndi mtsinje wa Kafue uli tambalala kuseri kwa bango. Namasupuni anali atadzaza m'mphepete, asodzi atangotsegula kanjira kolowera mabwato. Matope ake ndi akuda, ozizira, okonda kuvula munthu nsapato.

Ndinayamba ndawatengera alamu kwa atcheya a amayi ogula nsomba, monga mwa lamulo la mlendo. Dzina lawo ankati Bina Chipo, ndiye kuti amake Chipo m'Chitonga. Anali mayi wamng'ono thupi, wouma, wovala chipewa chaubweya cha amuna ndi majombo, mawu osasa chifukwa cholekanitsa ndewu zaka zambiri. Ofesi analibe, koma akanena kuti nsalu yayamba kugwa ndi ya uje, nkhani inkatha. Ndinagwada pang'ono n'kunena kuti awa ndi alamu anga, abwera kudzayesa. Atcheya anayang'ana mabuti aja, anayang'ana kolala ya phala, ndipo sanafunse kumene ankagwira kapena chimene chinachitika.

"Mwabwela bwino, batate. Vulani mabuti, manzi yazaononga. Ikani apa pafupi na dishi yanga, palibe azagwila."

Mabwato oyamba anatulukira m'bango. Amayi anakuwa n'kukhamukira m'madzi, zitenge zikuuluka. Inenso magazi anatentha, ndinaiwala kuti ndili ndi mlendo. Bwato loyamba linandiphonya, lotsatira ndinalipeza, mabrimu abwino, nsomba zija zonga chambo, ndi milamba ingapo. Nditamaliza kukangana mtengo ndinacheuka kuti ndione alamu. Anali ataima pamtunda, buluku atapinda bwinobwino, manja kumbuyo, akudikira. Ndinawamva akufunsa mayi wina amene ankathamanga:

"Pepani mayo, laini iyambila kuti?"

Mayiyo sanamve n'komwe. Munthu anazolowera mzere wa pageti, mzere wa kukantini, mzere wa malipiro, ankaganiza kuti kulikonse kumene kuli ntchito kuli mzere. Zonse ndinawauza m'galimoto zija zinali zitalowera kuno n'kutulukira uko, kapena ulemu wawo sunawalole kukankhana ndi akazi a eni. Analowa m'madzi pang'ono, bwato linabwera, anapatukira mayi wina woyembekezera, linapita. Linabwera lina, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, msodzi sanawaone. Komanso choponya analibe. Ine mphunzitsi wamkulu ndinaiwala kuwauza kuti abwere ndi nsalu yawo.

Dzuwa linkakwera, mabwato akucheperachepera. Nkhope ya alamu inayamba kubwerera ku ija ndinkaidziwa, ya pansi pa mtengo wa mapeyala. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinakoka beseni langa n'kufika nalo pamapazi awo.

"Ba mulamu, tengani hafu ya izi. Kunyumba tizakamba kuti mwagula imwe. Ba sisi sibazaziba."

Anayang'ana nsombazo, kenako ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Mulamu, sininabwele kupempha."

Anatembenuka n'kuyang'ana kumtsinje. Ndinatsala nditagwira beseni ngati chitsiru, ndikudziwa kuti ndaononga pamene ndimati ndikukonza.

Atcheya anali pafupi, akutsuka manja. Sanandiyang'ane. Anakhuthula madzi m'beseni lawo, analivundikira pansi, anakhalapo, n'kuvula chipewa chija kuyamba kukanda m'mutu. Ine ndinangoti atopa. Kenako anaitana.

"Batate! Chitenge mulibe?"

"Nilibe, mayo."

"Mwamuna aponya chamene ali nacho. Iyo jekete si nsalu?"

Alamu anayang'ana jekete lawo la kutchalitchi nthawi yaitali. Kenako anamasula mabatani limodzilimodzi, analivula, analikulunga.

Bwato linatulukira m'bango, lolemera ndithu, m'mphepete mwake mukupsompsona madzi, msodzi wamtali akupalasa ataimirira. Nsomba zinkanyezimira kuchokera patali. Dyera linandigwira, ndinakulunga chitenge changa chofiira n'kuthamangira m'madzi limodzi ndi anzanga. Ndikukweza mkono, wina ananditsina m'nthiti mpaka ndinalumpha. Anali mnzanga Bana Mwape, amake Mwape, amene tinkagulitsa moyandikana kumsika.

"Gwila chitenge chako iwe," ananong'ona. "Suona ba cheya bankhala pansi, bavula chisote?"

"Manje?"

"Manje iyi bwato ni ya mulendo. Panga chongo chabe, osaponya pa nsomba."

Ndinayang'ana pozungulira, ndipo zimene ndinaona sindidzaziiwala. Phokoso linali lomwe lija, kukuwa, kukankhana, madzi akuthovoka. Koma mayi wina amene amatha kuponya chitenge pabwato lili kutali anaponya pafupi ndi mapazi ake, n'kuyamba kutukwana phewa lake. Wina chitenge chinamukola m'khosi. Wina anaponya mwamphamvu kudutsa bwato lonse, nsalu n'kukagwera pa namasupuni. Wina ankadumpha ndi mwendo umodzi ati waponda minga, m'matope mopanda ngakhale kachitsotso. Ndipo pakati pawo, osaonetsera, anasiya mpata wokwana munthu mmodzi.

Alamu analowa mumpatamo, madzi ali m'mawondo, milomo ataluma. Anazunguza jekete kamodzi n'kuliponya. Linatambasuka m'mwamba, mikono uku ndi uku, n'kugwera m'mphepete mwa bwato. Thupi lake linalendewera m'madzi, koma mkono umodzi unagona pamabrimu.

"Kwanja chabe! Iyo siibelengeka!" anakuwa Bana Mwape, yemwe uja wonditsina, nkhope itakwiya ngati zenizeni.

Onse anacheukira kumtunda. Atcheya anaimirira pang'onopang'ono, anayang'anitsitsa ngati nkhani ndi yovuta.

"Kwanja kwa jekete ni jekete. Bwato ni ya batate."

Nthungululu zinamveka mpaka kwa owamba nsomba. Msodzi anaseka, ati chiyambire kupalasa sanagulidwepo ndi suti. Alamu anagwira mphuno ya bwato n'kulikokera okha kumtunda. Pamtengo palibe anawathandiza, ndipo sanafune thandizo. Anatembenuza nsomba imodziimodzi, kuyang'ana m'makha, kukana ziwiri zofewa, kukangana ndi msodzi mwaulemu koma osasunthika. Ndinamva mawu awo akukwera, mawu amene ndinali nditawaiwala.

Ine ndinamukokera pambali Bana Mwape, chifukwa kanthu kena kanali katayamba kundikanda mumtima.

"Iwe, ivi mumachita lyonse mulendo akabwela?"

"Lyonse."

"Na ine siku ija...?"

Anandiyang'ana, anaseka mpaka kugwira mawondo.

"Esnati! Unaponya monga uyanika pa waya! Ine ninachita kugwa dala mu manzi kuti upite. Ninadwala chifuba sabata yonse chifukwa cha iwe."

Manyazi anandigwira kuyambira kumutu. Ndinakumbukira umboni wa kutchalitchi uja, anthu akuwomba m'manja. Ndinakwiya pang'ono, sindinama. Kenako ndinakumbukira mmene ndinalili tsiku limenelo, mwamuna atandithawa, beseni lobwereka, ndi mmene ndinabwererera kunyumba ndikuyenda ngati mwini Nangongwe. Ndinaseka, misozi n'kutulukanso yokha, ndipo sindinadziwe kuti ndi ya chiyani.

Atcheya anavalanso chipewa, anatembenuza beseni. Bwato lotsatira linali nkhondo yeniyeni. Alamu, atalawa kukoma, anathamangiranso m'madzi ndi jekete lonyowa. Ulendo uno panalibe woponda minga. Chigongono cha mayi wina chinawapeza pachifuwa, anakhala pansi m'madzi, thibu! malaya oyera aja n'kusanduka a matope. Ndinathamanga ndi mantha. Anadzuka namasupuni ali paphewa, ndipo phwete lija linaphulika, lonse, la kale lija, mpaka asodzi anacheuka.

Podikira kuti vaneti idzaze, tinayala udzu wonyowa pansomba n'kulowa m'kanyumba ka mayi wophika. Nshima ya mgaiwa, mlamba wophika ndi tomato ndi mchere basi, msuzi wake wonata milomo. Alamu anakhala panja ndi asodzi, malaya atayanika panjinga ya munthu, akufunsa za maukonde. Ine ndinakhala ndi atcheya, ndinawafunsa kuti mwambo umenewu unachokera kuti.

"Unachokela kuli ine," anatero akuchotsa minga. "Siku yanga yoyamba palibe ananiona. Ninaimilila apo mpaka zuba pakati, ninabwelela na dishi ilibe kanthu, nikulila njila yonse. Pamene bananisankha ucheya ninabauza kuti vonse nizaweluza mwamene mufunila, koma ichi chimozi munipase."

Ndinanena kuti inenso ndimafuna kuwathandiza alamu, kungoti anakana.

"Unafuna bwino. Koma iwe unaona njala. Uja munthu sanabwele na njala chabe, anabwela na nsoni. Ukamupasa mu manja, nsoni ikulilako." Ponena nsoni ankatanthauza manyazi. Anamwa madzi. "Bwato imozi siingatisaukise ise. Mawa azalimbana yeka monga bonse."

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono, kuthamangira kuti nsomba zisafewe. Vaneti inali yomwe ija, koma tsopano yonunkha ndi yodontha. Alamu anakhala atakumbatira thumba lawo, jekete atalimangirira pachitsulo kuti liume ndi mphepo. Chitumbuwa cha m'mawa chija anachipempha okha. Titadutsa mudzi wa kandolo, anandiyandikira kuti ena asamve.

"Mulamu, nasebenza na mamashini zaka zambili. Nimaziba mashini ikaima yeka, nimaziba futi ngati munthu waizimya. Baja bakazi banachita kuzimiwa."

Ndinayamba kukana, koma anakweza dzanja.

"Osavutika. Ninaona uja wa minga, anaibala mwendo wamene unalasiwa." Anaseka pang'ono. "Ku kampani, siku yamene banatichosa, palibe mukulu anachoka mu ofesi kutiyangana pa menso. Anatiuza ni mulonda wa pa geti, nayeve alila. Manje lelo bantu bosaniziba, bali na bana babo bofuna kudya, bazivuta kuchita sewelo yonse ija kuti ine nisachite nsoni. Ningakwiye bwanji?"

Tinadutsanso kumafakitale kuja, ndipo alamu anali kalikiliki kundifunsa kuti mabrimu akuluakulu ndimagulitsa bwanji, nanga milamba imayenda msanga mbali iti ya komboni.

Ulendo umenewo unandiphunzitsa chinthu chimene ndinkaganiza kuti ndimachidziwa kale. Ndinkayesa kuti chifundo ndi kutambasula dzanja basi, ndipo amene wakana ndi wonyada. Sindinkadziwa kuti pamafunika kuyamba wamva pamene mnzako pakumupweteka, chifukwa nthawi zina si pamene iwe ukuona. Mayi wa mwana uja, mdala wa mbatata, ndi atcheya a chipewa chaubweya, palibe anawauza alamu kuti pepani. Ndaonapo atsogoleri ambiri chiyambire, a mipando ndi a maikolofoni, koma amene ndimamukumbukira ndi mayi wokhala pabeseni lovundikira.

Tinatsika minibasi ku Nangongwe dzuwa likadalipo. Alamu anasenza thumba lawo paphewa, malaya a matope, mabuti m'khosi atawamanga zingwe. Tisanafike n'kunyumba komwe, mayi wina wa pampopi anafunsa ngati zili zogulitsa, ndipo iwo anatsitsa thumba pomwepo n'kuyamba malonda, mawu ali pamwamba. Akulu anga anawamva asanawaone. Anatuluka pampanda chitenge chili m'manja, ana ali pambuyo pawo, n'kuima chilili.

Alamu anapisa m'thumba, anasankha brimu lalikulu kuposa onse, analigwira m'makha n'kupita nalo kwa akazi awo.

"Agi, iyi si yogulisa. Ni ya bana. Nagula ine neka."

Akulu anga analandira ndi manja awiri, mawondo atapinda. Analowa nalo kukhitchini msangamsanga. Nditawatsatira ndinawapeza atagwada, akupala mamba, misozi ikugwera pampeni. Anati ndi anyezi. Anyeziwo anali akadali m'dengu, osasenda n'komwe.